Mphete ya Pantchito

Basi inayamba kukwera phiri dzuwa litapendeka, ndipo bambo ake a Mzime anasiya kudandaula za mpando n'kuyamba kuyang'ana pawindo. Inali nyengo imene mitengo ya kumeneko imasintha maonekedwe isanayoyole masamba. Phiri lonse linali litafiira psuu, pena lachikasu, ngati wina waliyatsa moto n'kuiwala utsi. Anthu m'basimo ankajambula ndi mafoni, ena atadzuka m'mipando. Bambowo anangoti mitengo ikufa, anthu n'kumaombera m'manja, kenako anapempha mpango wawo wa m'khosi.

Mzime anawapatsa mpangowo. Anali mwana womaliza, ndiye dzinalo linamukakamira mpaka kuntchito, koma kuyambira chaka chimene achemwali ake anamwalira analinso mwana yekhayo. Achemwaliwo anatsatira mwamuna wa kutali, wolankhula mokoma, amene anadzapezeka kuti ali ndi mkazi ndi ana. Anabwerera kunyumba ataonda, atasiya kulankhula, ndipo sanakhalitse. Bambo awo anagwira ntchito ya ukalaliki kukhoti mpaka kupuma, akumvetsera anthu akunama dzanja lili m'mwamba. Atachoka kumanda anaika lamulo limodzi lokha: mwamuna wa kutali asadzaponde pakhomo pawo.

Tsono mnyamata amene Mzime ankamukonda anali wa kutali. Ankakhala m'tauni ya pamwamba pa phirilo, ndipo ntchito yake inali yoperekeza alendo m'mapaki a zinyama ozungulira tauniyo. Anzake ankamutcha Chifunga. Mzime atayesa kutchula za iye kunyumba, bambo ake anakweza wailesi.

Ndiye anaganiza njira ina, ndipo anaikonda njirayo ngati mmene ankakondera masamu ovuta ku yunivesite. Anawauza bambo ake kuti akufuna akaone mapiri asanawapange opaleshoni ya maso. Sanawauze kuti woperekeza amene wamusungitsa ndi ndani. Anawerengera kuti nkhalambayo imadana ndi mwamuna wa m'maganizo, osati wa miyendo iwiri amene angaigwire dzanja powoloka mtsinje. Iyende naye kaye, imukonde, chilungamo chibwere pambuyo.

Atafika pa nyumba ya alendo Mzime analembera Chifunga uthenga ali m'bafa: "Tafika. Mawa sundidziwa, inenso sindikudziwa. Usamandiyang'ane muja umachitira."

Yankho silinachedwe. "Ndiziyang'ana mitengo."

* * *

Ofesi ya operekeza alendo inali chipinda chimodzi pafupi ndi depoti, chonunkha khofi ndi nsapato zonyowa. Pakhoma panali mapu akale amene zala za alendo zinafufuta mayina a mitsinje. Pakona, pafupi ndi mbaula, panakhala abwana, mwini wake wa kampaniyo, mkulu wonenepa wopuma movutikira, bulangete lili m'miyendo. Pa kauntala panali mwana wawo wamkazi, amene tauni yonse inkamutcha Madamu.

Madamu anawalonjera bambowo mwaulemu wonse, kenako anamuyang'ana Mzime nthawi yaitali kuposa imene moni amafuna. Anati nkhope yake si yachilendo, mwina anaiona pa foni ya munthu. Mzime anati nkhope yake ndi ya anthu ambiri.

Chifunga analowa atavala jekete lofiira la kampani ndi magolovesi, chifukwa m'mawa umenewo kunazizira mpaka mpweya kuoneka ngati utsi. Anawapatsa moni bambowo ndi manja awiri. Kwa Mzime anangogwedeza mutu n'kuyang'anadi mtengo wa panja. Akutuluka, Madamu anazungulira kauntala n'kumukonza kolala ya jekete, pang'onopang'ono, ngati munthu amene waikonza nthawi zambiri. Abwana anamwetulira pakona paja.

* * *

M'pakimo njira inali yofewa ndi masamba. Chifunga ankayenda molingana ndi miyendo ya nkhalamba osaonetsa kuti akutero. Akaona kuti yatopa ankaima n'kunamizira kumvetsera mbalame. Anawaonetsa pamene agwape anagona, ndi pamene anakhula nyanga pa makungwa. Bambowo anamufunsa mafunso a kukhoti: anabadwira kuti, makolo alipo, amamwa, nanga dzina lachilendoli linachokera kuti. Iye anaulula kuti atangoyamba ntchito anasochera ndi alendo m'chifunga, n'kukawatulutsira kuseri kwa khola la nkhumba za munthu, ndipo mlendo mmodzi anazijambula poyesa kuti ndi za m'tchire. Bambowo anaseka mpaka kutsokomola. Mzime anali ataiwala mmene kuseka kwawo kumamvekera.

Pamene sankadziwa, Chifunga ankanena kuti sakudziwa, ndipo chimenechi ndicho chinawagwira mtima. Anamunong'oneza Mzime, manong'onong'o a munthu wosamva bwino amene nkhalango yonse inawamva, kuti pa moyo wawo wonse wa kukhoti mboni zotero zinali zosowa kuposa oweruza osagona.

Mzime ankayenda kumbuyo akudziyamikira.

Anafika pa kamtsinje kopanda mlatho, miyala yake yoterera. Chifunga anavula magolovesi kuti awagwire bwino bambowo, n'kutambasula dzanja lamanzere. Pa chala panali mphete.

Maso a bambowo anali ofooka, koma dzanja lawo linaimva. Atawoloka sanamusiye msanga. Anaitembenuza ndi chala chawo chachikulu nati, "Ndinadziwa. Kudekha uku si kwa mnyamata wosakwatira."

Mzime anaima pa mwala wapakati madzi akumulowa m'nsapato. Za mpheteyi ankazidziwa. Chifunga anamuuza kalekale akuseka, ndipo iyenso anaseka mpaka kutsamwa. Operekeza alendo a kumeneko amavala mphete pantchito ngati mmene amavalira jekete. Mlendo akakhala tsiku lonse m'phiri ndi munthu womugwira dzanja, mtima umasokonekera. Ena ankatsatira anyamatawo mpaka kunyumba, ena akakanidwa ankakadandaula ku kampani zinthu zimene sizinachitike. Ndiye abwana anagula mphete zotchipa n'kuziika m'chitini, aliyense azitenga m'mawa n'kubweza madzulo. Mlendo akakhala wouma mutu, Madamu ankafika pa geti ndi fulasiki ya tiyi n'kudzitcha mkazi wake wa mnyamatayo. Tauni yonse inkadziwa, ndipo palibe ankaulula kwa mlendo.

Mzime anakumbukira mankhwala a m'maso, masokosi aubweya, ngakhale mbali ya basi yosaomba dzuwa. Anaiwala chokhachi.

Bambowo anafunsa ngati ali ndi ana. Chifunga anayang'ana Mzime koyamba tsiku limenelo, nkhope yake ikufunsa ngati anene. Mzime anaona phompho kumanja kwa njira, anaona bambo ake atatsamira ndodo, n'kupukusa mutu pang'ono. Osati pano.

"Sanabwere, bambo," anatero Chifunga.

Bambowo anati adzabwera. Anakhala pa mtengo wogwa, ndipo anachita chimene Mzime sanawaonepo akuchita ndi munthu aliyense: anafotokoza za mwana wawo womwalira uja. Ananena mmene anakamuchingamira ku depoti n'kumudutsa osamuzindikira. Ananena kuti mwamunayo anatumiza nkhata ya maluwa, ndipo iwo anakaiponya kudzala ndi manja awo. Chifunga anamvetsera mutu uli pansi.

"Mkazi wanuyo muzimusunga," anatero pomaliza. "Uyu akanandipezera munthu ngati inu, koma wopanda chapachalacho, ndikanapita kuchipatala mtima uli m'malo."

* * *

Pa geti la paki panali Madamu, fulasiki ili m'manja. Palibe anamuitana. Chifunga atamuona anachedwetsa mapazi, koma iye anabwera yekha, anamuchotsa tsamba m'tsitsi, n'kumudzudzula mwachikondi kuti wachoka osadya. Kenako anapinda mawondo kwa bambowo nati ndi mkazi wake.

Bambowo anavula chipewa. Anamuyamikira kuti ali ndi mwamuna waulemu, ndipo analandira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki.

Pamene amuna awiriwo ankakambirana za paki ina yoti akaone mawa, Madamu anayandikira Mzime.

"Zikomo achemwali, mwandibwezera ali wathunthu. Ena amabwera naye mabatani atathothoka."

"Ntchito mumaidziwa," anatero Mzime.

"Ntchito?" Madamu anatseka fulasiki mosafulumira. "Munauzidwa choncho?"

* * *

Mzime anawauza bambo ake dzuwa lisanalowe, pakhonde la nyumba ya alendo, chifukwa anaona kuti akadikira mawa nkhaniyo idzakhala italimba. Ananena zonse mwadongosolo: ndani, kuyambira liti, chifukwa chake anabisa, ndi za chitini cha mphete. Polankhula ankadzimvetsera yekha, ndipo ankamva mmene zikumvekera.

Bambowo sanakalipe. Anapukuta magalasi awo ndi mpango mpaka Mzime anaopa kuti awaswa.

"Kukhoti ndinamvako mphete ya malemu amayi, mphete ya kwaya, mphete yochiza nyamakazi," anatero. "Ya pantchito ndiyo ndaimva lero."

"Ababa, sindikunama."

"Mkulu wako nayenso sankanama. Ankangobwereza zimene anauzidwa."

Anati sangaweruze asanamve mboni. Mawa sapita ku paki ina ija. Ayenda m'tauni, ndipo Mzime aziyenda pambuyo pawo atatseka pakamwa.

Uthenga wa Chifunga unamupeza akulowa m'chipinda: "Ndinaiwala kuvula. Pepa." Mzime analemba kuti munthu saiwala chinthu chili pa chala chake tsiku ngati ili, n'kufufuta. Analemba kuti zikhala bwino, n'kufufutanso. Pomaliza sanatumize kanthu.

* * *

Kunacha ndi mphepo, masamba ali mbwee m'misewu. Bambowo anayambira kwa mayi wa nyumba ya alendo, amene ankasesa pakhomo. Anafunsa ngati akungocheza: mnyamata wamtali wa jekete lofiira uja, ndi wokwatira? Mayiyo anayang'ana Mzime, anayang'ana nsapato zake za mlendo, nati eya, mkazi wake ndi wa pa ofesi paja.

Wometa tsitsi ananena zomwezo, n'kuwonjeza kuti ku ukwati wawo kunali anthu osaneneka. Wogulitsa ndodo zoyendera anati ndi banja lachitsanzo. Aliyense ankayankha msanga, mosaganiza, ngati mmene amalozera njira ya ku depoti.

Poyamba Mzime ankafuna kuseka. Anthu awa amadyera alendo, ndipo iye ndi bambo ake anali alendo. Funsolo likanakhala la woperekeza wina aliyense, yankho likanakhala lomwelo. Anawapempha bambo ake kuti ayese choncho. Poti anali munthu wachilungamo, bambowo anabwerera kwa wometa uja n'kufunsa za mnyamata wina amene ankadutsa atavala jekete lofanana.

"Ameneyonso ndi wokwatira," anatero wometa.

"Mkazi wake ndani?"

Wometayo anakanda mutu ndi chipeso. Anati ameneyo mkazi wake amakhala kutali, sanamuonepo. Bambowo analoza wina amene ankamanga katundu pa galimoto. Nayenso mkazi wake anali kutali.

Atatuluka, bambowo anati bodzalo alimva, ndipo lili ndi fungo lake: akazi a kutali, opanda nkhope. Koma wa Chifunga yekha ndiye ali ndi nkhope, ali ndi mpando, ali ndi fulasiki. Mzime anafuna kuyankha, koma anapeza kuti masamu amene anawaitanitsa yekha amutembenukira. Chifunga ankati Madamu amachitira aliyense. Iye sanafunsepo kuti anachitira wina liti komaliza.

Bambowo analunjika ku ofesi. Abwana kunalibe, anali atapita kuchipatala kukayezetsa chifuwa. Nkhalambayo inaima patsogolo pa kauntala chipewa chili pamtima, n'kupepesa kwa Madamu. Inati mwana wake walowerera banja la eni, kaya modziwa kaya mosadziwa, ndipo iyo ngati kholo yabwera kudzasenza manyaziwo. Inati imadziwa mmene nyumba imagwera ndi nkhani ngati iyi, chifukwa yake inagwa.

Mzime anadikira kuti Madamu aseke, anene kuti pepani bambo, ndi zantchito chabe. Ngakhale nsanje imakhala ndi malire pamaso pa imvi.

Madamu sanaseke. Misozi inatsika, ndipo sinali misozi yophunzira. Anati, "Ndamva, bambo," n'kulowa m'chipinda chosungira matenti.

Mzime anamutsatira. Anamupeza atakhala pa mulu wa matenti onunkha nkhungu, akupukuta maso ndi mkono wa juzi.

"Mwanamiza nkhalamba yosaona bwino. Mtima wanu ukuti bwanji?"

"Munayamba ndinu, achemwali. Ine ndangopitiriza."

Mzime anati iye anali ndi chifukwa. Madamu anati aliyense ali nacho. Anati Mzime amamuona Chifunga pa foni atasamba, atapesa. Koma womudikira pa geti mvula ikugwa ndi iye, woimba foni uku ndi uku akachedwa kutsika m'phiri ndi iye, ndipo masokosi ake amauma pa mbaula ya bambo ake. Ndiye mwa awiriwo, amene akusewera ndani?

"Sanakufunsirenipo," anatero Mzime.

"Inu anakufunsirani pamaso pa ndani?"

Pobwerera bambowo anadzera ku depoti n'kugula matikiti a basi ya m'mawa. Ya Mzime anamuika m'manja n'kumufumbatitsa.

"Nkhani ngati iyi inandiikitsa kale mwana mmodzi m'manda. Ukafuna kutsala undiuze, ndidziwe kuti ndamaliza."

* * *

Mzime anakumana ndi Chifunga masana, pa benchi ya pamalo oonera chigwa pamene alendo amajambulirapo. Mphepo inali itathamangitsa anthu onse. Mitengo ya m'munsimo inali itayamba kuoneka nthiti.

Mzime sanakhale pansi. Anati nkhaniyi ndi yosavuta kuposa mmene ikuonekera. Chifunga atenge chitini chija, atenge abwana ake, apite kwa bambo aja basi isananyamuke. Mwini kampani akanena ndi pakamwa pake kuti ndi lamulo la ntchito, nkhalambayo imva, chifukwa imakhulupirira anthu a msinkhu wake.

Chifunga ankangoyang'ana chigwa.

"Ndiyang'ane ine," anatero Mzime.

"Chitini ndingabweretse. Koma iyi si ya m'chitini."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Za m'chitini zinali zazing'ono, zinkamutupitsa chala. Nyengo ngati ino chaka chatha, akazi awo a abwana atangomwalira, mkuluyo anavula mphete yake ya ukwati n'kumupatsa, nati avale iyi asamavutike. Iye anayesa kuti ndi nkhani ya kukula kwa chala basi. Kenako anamuuza kuti achoke m'chipinda cha lendi, azikhala kuseri kwa nyumba yawo. Kenako anasiya kumutuma Madamu kwa anyamata ena aja. Posachedwapa anayamba kumuitana kuti mkamwini, ngakhale popanda mlendo womva.

"Masewerawa anayambitsa okha," anatero Chifunga, "koma okhanso ndi amene anaiwala kuti ndi masewera."

"Iwe n'kuwakumbutsa."

"Akudwala, Mzime. Ndimati nyengo ya alendo ithe kaye."

"Madamu akudwalanso?"

Chifunga anazunguza mphete ija pa chala.

"Dzulo unaiwaladi kuvula?"

"Abwana anali pakona paja akundiyang'ana. Ndinati ndikavulira m'njira. M'njira muja bambo ako sanandichoke pambali."

Mzime anakhala pansi tsopano, kumapeto kwa benchi. Anafunsa funso limene ankaliopa, ngati anagonapo m'nyumba yaikuluyo. Chifunga analumbira kuti ayi, ndipo Mzime anamukhulupirira, n'kuzindikira kuti kukhulupirirako sikukuthandiza chilichonse. Munthu ameneyu sanayambe wakonza bodza lake. Ankangokhala chete pamalo oyenera kulankhula, kwa aliyense, mpaka kukhala cheteko kunamumangira banja.

Foni ya Mzime inalira. Anali bambo ake, ndipo mawu awo anali a munthu amene wapeza chochita. Anati mwini kampani uja wabwera yekha ku nyumba ya alendo kuchokera kuchipatala, atamva kwa mwana wake kuti kunabwera kholo kudzapepesa. Anati ndi munthu waulemu, nkhaniyo yamukhudza, ndipo wawaitana kukadya kunyumba kwake madzulo ano kuti ithe bwinobwino, kholo ndi kholo linzake, mkamwini wake alipo.

"Ndavomera," anatero bambowo. "Bwera undisitire malaya. Nawenso uvale zaulemu, chifukwa kupepesa kwanga sikukwanira. Ukapepesa wekha pamaso pa mkazi wake."

Foni inaduka. Ya Chifunga inayamba kulira m'thumba la jekete lofiira, ndipo onse awiri anadziwa kuti akuimba ndi abwana.